Laibulale yodulira zithunzi

Laibulale yodulira zithunzi ndi khodi yolembedwa kale imene wolemba mapulogalamu amaiika mu webusayiti kuti munthu wotumiza chithunzi athe kusankha mbali imene akufuna n'kutaya zotsalazo. Anthu ambiri anakumanapo nayo osadziwa dzina lake: poika chithunzi cha nkhope pa akaunti, poika chithunzi cha katundu wogulitsa, kapena polemba fomu ya pa intaneti imene ikufuna chithunzi chonga cha pa chiphaso. Pamwamba pa chithunzi pamabwera bokosi, munthu amalikoka kapena kulikuza mpaka zimene akufuna zitalowa mkati, kenako amadina batani lovomereza. Malaibulale ambiri amtunduwu amalembedwa m'chilankhulo cha JavaScript kapena TypeScript ndipo amagwira ntchito mkati mwa browser. Ena odziwika ndi Cropper.js, Jcrop, Croppie, react-image-crop ndi react-easy-crop.

Mawu akuti laibulale pano sakunena nyumba ya mabuku. Kwa olemba mapulogalamu, laibulale ndi mtolo wa khodi umene wina analemba n'kuugawa kuti anzake asavutike kulembanso zomwezo. Mawu akuti "yodulira" nawonso amasocheretsa pang'ono, chifukwa ntchito yaikulu ya malaibulale amenewa si kudula kwenikweniko koma kufunsa munthu pamene akufuna kuti padulidwe. Kudulako kumachitidwa ndi browser kapena ndi seva, ndipo funso lakuti kuchitikire kuti ndi limene limatsogolera posankha laibulale.

Kudula, kuchepetsa ndi kubisa

Chithunzi cha pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho totchedwa ma pixel, tondandalikidwa m'mizere. Chithunzi cha 4000 × 3000 chili ndi ma pixel 4000 m'lifupi ndi 3000 mu msinkhu, onse pamodzi 12 miliyoni. Kudula ndi kuchotsa mizere ya m'mphepete: zotsala zimakhala mmene zinalili, koma mbali ina ya zojambulidwazo imapita. Kuchepetsa n'kosiyana, chifukwa zonse zojambulidwa zimaonekabe koma ma pixel amachepa. Mawebusayiti ambiri amachita zonse ziwiri motsatizana, kuyamba ndi kudula.

Palinso kubisa, kumene ongoyamba kumene amakusokoneza ndi kudula. Lamulo la CSS lakuti object-fit: cover limachititsa chithunzi kudzaza malo amene chapatsidwa, mbali zosefukira n'kubisika. Fayilo yeniyeni sikhudzidwa: wowerenga tsamba amaitsitsabe yonse, ndipo akafuna angathe kuitsegula n'kuona zimene zinabisidwazo. Zithunzi zozungulira za pa akaunti nazonso nthawi zambiri n'zobisa chabe. Fayilo ya JPEG kapena PNG imakhala ya ngodya zinayi nthawi zonse, ndipo tsamba ndi limene limaphimba ngodyazo.

Mulingo wa bokosi, kutanthauza m'lifupi poyerekeza ndi msinkhu, umalembedwa monga 1:1, 4:3 kapena 16:9. Mwini webusayiti angautseke kuti munthu asausinthe. Chithunzi cha pasipoti ya ku Britain chimakhala 35 mm × 45 mm, pamene cha ku United States chimakhala mainchesi 2 mbali zonse, choncho fomu yofunsira zikalata zoterezi imafunika bokosi la mulingo wotsekedwa.

Mmene imagwirira ntchito

Munthu akasankha fayilo pa foni kapena pa kompyuta yake, browser imaiwerenga n'kuonetsa chithunzicho pa tsamba, chisanatumizidwe kulikonse. Laibulale imajambula bokosi pamwamba pake, imadetsa mbali za kunja kwa bokosi, ndipo imatsatira chala kapena mouse pamene munthu akukoka. Pamapeto pake imapereka manambala anayi: mtunda kuchokera kumanzere, mtunda kuchokera pamwamba, m'lifupi mwa bokosi ndi msinkhu wake. Ngati imalola kutembenuza chithunzi, imawonjezera madigiri amene chatembenuzidwa.

Manambalawa amafunika kusamala nawo, chifukwa chithunzi chooneka pa sikirini n'chaching'ono kuposa chenichenicho. Mwachitsanzo, chithunzi cha 4000 × 3000 chingaonetsedwe pa tsamba ngati 400 × 300. Munthu akaika bokosi la 200 × 200 loyambira pa 100 kuchokera kumanzere ndi 50 kuchokera pamwamba, pa chithunzi chenicheni bokosilo ndi la 2000 × 2000 ndipo likuyambira pa 1000 ndi 500. Wolemba pulogalamu akaiwala kuchulukitsa ndi 10, amatulutsa kachigamba ka pakona m'malo mwa nkhope. Malaibulale ena amapereka manambala a chithunzi chenicheni, ena a pa sikirini, ena maperesenti, ndipo zimenezi zimalembedwa m'malangizo a laibulale iliyonse.

Kudulira mu browser kumagwiritsa ntchito chinthu cha HTML chotchedwa canvas, chimene chili ngati bolodi lopanda kanthu limene pulogalamu imajambulapo. Lamulo la drawImage limakopera mbali yosankhidwa ya chithunzi pa canvas, kenako toBlob kapena toDataURL limasandutsa zimene zili pa canvas kukhala fayilo yatsopano. Mwa awiriwa, toBlob ndi labwino potumiza ku seva, chifukwa toDataURL limalemba chithunzi ngati mawu a Base64, pamene ma byte atatu aliwonse amasanduka zilembo zinayi, ndiye kuti kukula kumawonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Malamulo onse awiri amatulutsa PNG ngati sanauzidwe mtundu wina. Chithunzi chojambulidwa ndi kamera chikasungidwa ngati PNG chimalemera kwambiri, moti chodulidwacho chingathe kuposa choyambirira. Koma posankha JPEG napo pali msampha wake: JPEG sidziwa malo oonekera mkati, choncho ngodya zopanda kanthu zimene zimatsala chithunzi chikatembenuzidwa zimatuluka zakuda, pokhapokha canvas itayamba yapakidwa mtundu wina.

Mbiri

Poyamba browser sinkatha kusintha chithunzi. Kudula konse kunkachitikira pa seva ndi mapulogalamu monga ImageMagick, imene John Cristy anayamba kulemba mu 1987 akugwira ntchito ku kampani ya DuPont ndipo inatulutsidwa poyera mu 1990, komanso GD ya Thomas Boutell, imene olemba PHP ankaigwiritsa ntchito kwambiri. jQuery itatuluka mu 2006, kulemba zinthu zokoka ndi mouse kunaphweka, ndipo kunabwera malaibulale monga Jcrop ya Kelly Hallman ndi imgAreaSelect. Iwowa ankangojambula bokosi n'kupereka manambala, seva n'kumaliza ntchitoyo. WordPress inaika onse awiri mu khodi yake.

Canvas inayambitsidwa ndi kampani ya Apple mu 2004 ndipo kenako inalowa mu HTML5, koma Internet Explorer inayamba kuimva mu 2011 pamene kunatuluka Internet Explorer 9, ndipo kuwerenga fayilo ya munthu mu browser momwemo kunatheka mu Internet Explorer 10. Zinthu ziwirizi zitafalikira, kudula chithunzi chisanachoke pa kompyuta ya mwini wake kunatheka kwa aliyense. Malaibulale amene anabwera pambuyo pake, monga Cropper.js ndi Croppie, anamangidwa pa maziko amenewa. Kenako React, Vue ndi Angular zitatchuka, kunalembedwa malaibulale ogwirizana ndi chilichonse mwa izo.

Kudulira mu browser kapena pa seva

Kudulira mu browser kumapulumutsa data. Chithunzi chochokera ku kamera ya foni chimakhala cha ma megabyte angapo, pamene chithunzi cha nkhope cha 400 × 400 nthawi zambiri sichifika ngakhale 100 KB. Chikadulidwa n'kuchepetsedwa pa foni pomwepo, chimene chimayenda pa netiweki ndi chaching'onocho. M'mayiko monga Malawi ndi Zambia, kumene anthu ambiri amalowa pa intaneti ndi foni ndipo amagula mabandulo, kusiyana kumeneku kumaoneka m'thumba mwa wotumizayo, komanso fayilo yaing'ono sikawirikawiri kudukira panjira netiweki ikafooka. Seva nayo imapuma, chifukwa ntchito yolemetsa yachitika kale.

Kuipa kwake n'kwakuti choyambirira sichifika ku seva. Mwini webusayiti akadzasintha maonekedwe a tsamba n'kufuna zithunzi za 16:9 m'malo mwa 1:1, alibe pozitenga. Zotuluka zimadaliranso foni ya munthu: browser iliyonse ili ndi njira yake yochepetsera chithunzi, ndipo foni ya memory yochepa ingalephere ntchitoyo.

Kudulira pa seva kumasunga choyambirira. Browser imatumiza fayilo yonse pamodzi ndi manambala anayi aja, ndipo seva imadula ndi ImageMagick, Pillow ya Python, kapena sharp ya Node.js, imene imayendera laibulale ya libvips. Kuchokera ku fayilo imodzi seva ingatulutse zithunzi za misinkhu yosiyanasiyana, lero kapena patapita zaka. Nyuzipepala, masitolo akuluakulu a pa intaneti ndi malo osungira zithunzi zakale amakonda njira imeneyi. Makampani monga Cloudinary ndi imgix amagulitsa ntchito yomweyi: chithunzi chimasungidwa kwa iwo ndipo malangizo odulira amalembedwa mu adiresi ya chithunzicho. Thumbor ndi pulogalamu yaulere yochita zofananazo, imene munthu amaiika pa seva yake.

Pali chinthu china chimene malaibulale wamba a mu browser sachita, ndicho kudula JPEG popanda kuiwononga. JPEG imataya tizinthu tina nthawi iliyonse imene yasungidwa, choncho chithunzi chodutsa pa canvas chimatuluka chotsikirapo pang'ono. Pulogalamu ya jpegtran imadula popanda kusunganso mwatsopano, pongochotsa timabokosi ta ma pixel 8 × 8 timene JPEG imapangidwa nato. Mtengo wake ndi wakuti ngodya ya pamwamba kumanzere iyenera kugwera m'malire a timabokosito, pa 8 kapena pa 16, ndiye bokosi limasuntha pang'ono kuchoka pamene munthu analiika. Chida cha CropTool cha pa Wikimedia Commons chimalola munthu kusankha pakati pa kudula kosawononga kumeneku ndi kudula kolondola ndendende.

Ambiri amaphatikiza njira ziwirizi: browser imachepetsa chithunzi kufika pa msinkhu woyenera, monga ma pixel 1600 kapena 2000 m'lifupi, n'kuchitumiza chosadula pamodzi ndi manambala. Mulimonsemo seva siyenera kukhulupirira zimene yalandira. Aliyense wodziwa khodi angathe kulambalala bokosi la mu browser n'kutumiza fayilo ina iliyonse, choncho kukula ndi mtundu wa fayilo zimayenera kuyezedwanso pa seva.

Mavuto obwera ndi zithunzi za pa foni

Pa tsamba lachionetsero laibulale iliyonse imaoneka yabwino, chifukwa chithunzi chimene amaonetsera chinasankhidwa ndi mwini laibulaleyo. Kusiyana kumaoneka pa zithunzi zimene anthu amajambula okha.

Vuto lakale kwambiri ndi la kuima kwa chithunzi. Munthu akajambula foni itaimirira, makamera ambiri sasuntha ma pixel koma amangolemba nambala mkati mwa fayilo, m'gawo lotchedwa EXIF, yonena mmene chithunzi chiyenera kuimira. Nambalayo imayambira pa 1 kufika pa 8. Mwachitsanzo 1 imatanthauza kuti chili bwino mmene chililimo, pamene 6 imatanthauza kuti chitembenuzidwe madigiri 90 kulowera kumanja. Kwa zaka zambiri ma browser sankatsatira nambalayi poonetsa chithunzi pa tsamba kapena pa canvas, ndipo nkhope zinkatuluka zitagona cham'mbali. Malaibulale anayamba kuwerenga okha EXIF n'kumatembenuza chithunzi. Mu 2020, kuyambira pa Chrome 81, ma browser akuluakulu anayamba kutsatira nambalayo paokha, ndipo khodi yakale imene inkatembenuzabe inayamba kutembenuza kawiri. Laibulale imene inasiya kukonzedwa chaka chimenecho chisanafike imafunika kuyesedwa bwino pa mfundo imeneyi. Amene amadulira pa seva ali ndi vuto lofananalo: munthu anaika bokosi pa chithunzi choimirira, koma seva ikatsegula fayilo osatsatira EXIF, manambalawo amagwera pa chithunzi chogona ndipo imadula polakwika. Chithunzi chimayenera kuimikidwa kaye, kudula kubwere pambuyo.

Vuto lachiwiri ndi memory. Fayilo ya JPEG ndi yopanikizidwa, koma browser ikaitsegula pixel iliyonse imatenga ma byte 4. Chithunzi cha 4000 × 3000 chimatenga pafupifupi 48 MB, ndipo cha 8000 × 6000, chimene mafoni a makamera a 48 megapixel angajambule, chimatenga pafupifupi 192 MB. Laibulale imene imapanga makope awiri kapena atatu a chithunzi imachulukitsa nambalayi. Pa foni yotsika mtengo tsamba limangotsekeka kapena kuyambiranso, osapereka uthenga uliwonse. Safari ya pa iPhone kwa zaka zambiri inkakana canvas yoposa ma pixel 16,777,216, amene ndi 4096 × 4096, ndipo canvas yoposa apo inkatuluka yopanda kanthu. N'chifukwa chake Cropper.js imalola wolemba pulogalamu kuika malire a m'lifupi ndi msinkhu wa chithunzi chotuluka.

Palinso nkhani ya mtundu wa fayilo. Kuyambira pa iOS 11 ya mu 2017, iPhone imasunga zithunzi ngati HEIC. Posankha chithunzi pa iPhone pomwepo foniyo nthawi zambiri imachisandutsa JPEG, koma fayilo ya HEIC ikakoperedwa pa kompyuta n'kutsegulidwa mu Chrome kapena Firefox, bokosi lodulira limakhala pamwamba pa chithunzi chosaoneka. Malaibulale odulira sathetsa zimenezi; pamafunika laibulale ina yosandutsa, imene imakhala yolemera, kapena kutumiza fayiloyo ku seva.

Chala nachonso si mouse. Timabokosi ta m'ngodya timene n'tosavuta kugwira ndi mouse timakhala tating'ono kwambiri pa foni, ndipo tsamba lingayambe kutsetsereka pamene munthu akufuna kukoka bokosi. Pachifukwa chimenechi pali mitundu iwiri ya kaonekedwe. Mu mtundu woyamba chithunzi chimakhala phee, munthu n'kumasuntha bokosi. Mu wachiwiri bokosi ndi limene limakhala phee pakati pa sikirini, munthu n'kumasuntha chithunzi kumbuyo kwake ndi kuchikuza ndi zala ziwiri. Wachiwiriwu ndi wosavuta pa foni ndipo umayenera zithunzi za nkhope. Woyamba umayenera pamene mulingo wa bokosi ndi womasuka, monga podula chikalata kapena risiti.

Malaibulale odziwika

Cropper.js inalembedwa ndi Chen Fengyuan wa ku China ndipo imagawidwa pa layisensi ya MIT. Inachokera ku laibulale yake yakale imene inkadalira jQuery, koma iyoyo sidalira laibulale ina. Imasuntha bokosi kapena chithunzi, imakuza, imatembenuza, imatseka mulingo, ndipo imapereka manambala kapena canvas yodulidwa kale. Popeza siinamangirizidwe ku React kapena Vue, imagwira ntchito pa tsamba lililonse. Cropper.js 2 inalembedwanso mwatsopano pogwiritsa ntchito Web Components, ndipo malamulo ake ndi osiyana ndi a Cropper.js 1. Zitsanzo zambiri zopezeka pa intaneti n'za yakaleyo, ndipo wophunzira amene waika yatsopano n'kukopera chitsanzo chakale amadabwa kuti palibe chikuyenda.

Croppie, yochokera ku kampani ya Foliotek, ndi ya mtundu wa bokosi lokhazikika, la ngodya zinayi kapena lozungulira, ndipo ili ndi kachingwe kokuzira chithunzi. N'njosavuta kuyamba nayo, koma yakhala zaka zingapo osasinthidwa kwenikweni. Jcrop ikupezekabe m'mawebusayiti akale.

Kwa olemba React, react-image-crop ya Dominic Tobias ndi yopepuka kwambiri, imapereka manambala mu ma pixel kapena maperesenti, ndipo bokosi lake limayenda ndi kiyibodi. react-easy-crop ya Valentin Hervieu ndi ya bokosi lokhazikika, imamva zala ziwiri, ndipo imalandiranso vidiyo. Yachiwiriyi sipanga fayilo yodulidwa. Wolemba pulogalamu amalemba yekha gawo la canvas kapena amatumiza manambala ku seva. Ku Angular kuli ngx-image-cropper ndipo ku Vue kuli vue-advanced-cropper. Pintura, ya kampani ya PQINA ya ku Netherlands, ndi yolipira, ndipo kuwonjezera pa kudula imasintha kuwala, imalemba mawu pa chithunzi ndi zina zotero.

Zoyang'ana posankha

Funso la browser kapena seva likayankhidwa, malaibulale ambiri amagwa okha. Amene akudulira pa seva amangofuna laibulale yopepuka yopereka manambala olondola, ndipo kutenga yodzaza ndi zinthu n'kulemetsa tsamba pachabe. Amene akudulira mu browser amapindula ndi laibulale imene imatulutsa yokha canvas ndipo imalola kuika malire a kukula.

Chachiwiri ndi chimene webusayitiyo inamangidwira. Laibulale ya JavaScript wamba ingaikidwe mu React kudzera mu khodi yokutira, monga react-cropper imene imakutira Cropper.js, koma apo ndiye kuti pali zinthu ziwiri zofunika kusamalidwa, ndipo yokutirayo ingatsalire m'mbuyo. Kubweretsa jQuery yonse chifukwa cha bokosi lodulira lokha n'kosathandiza. Kulemera kwa laibulale kungachepetsedwe poitsitsa pokhapokha munthu akasankha chithunzi, m'malo moti aliyense wotsegula tsamba aitsitse.

Moyo wa laibulale umaoneka pa GitHub ndi pa npm: tsiku limene inasinthidwa komaliza, madandaulo amene sanayankhidwe, ndi chiwerengero cha anthu oisamalira. Nyenyezi za pa GitHub sizinena zambiri, chifukwa zimatsalabe ngakhale laibulale itasiyidwa kalekale. Malaibulale ambiri odulira amasamalidwa ndi munthu mmodzi pa nthawi yake yopuma, choncho ndi nzeru kuika khodi yonse yokhudza laibulale pamalo amodzi mu pulogalamu, kuti kudzaisintha kusadzavute. Layisensi za MIT ndi ISC zimalola kugwiritsa ntchito pa malonda bola mawu a layisensiyo asachotsedwe. Malaibulale olipira ali ndi malamulo awo a chiwerengero cha olemba mapulogalamu kapena mawebusayiti.

Mfundo imene imaiwalidwa kawirikawiri ndi ya anthu amene sangathe kukoka. Malangizo a WCAG 2.2, amene bungwe la W3C linatulutsa mu October 2023, amanena kuti ntchito yochitika pokoka ikhale ndi njira inanso yosafuna kukoka, komanso kuti malo odina asachepere ma pixel 24 × 24 kupatula pa zochitika zina. Malangizo akale ankafuna kale kuti zonse zitheke ndi kiyibodi. Laibulale ikakhala yopanda zimenezi, wolemba pulogalamu angawonjezere mabatani osunthira ndi okuzira, kapena kulola munthu kupitirira osadula.

Chinsinsi ndi chitetezo

Anthu amadula chithunzi nthawi zina pofuna kuchotsa zimene sakufuna kuti ena aone, monga nkhope ya mwana, nambala ya galimoto kapena nambala ya akaunti ya ku banki. Webusayiti imene imasunga choyambirira pa adiresi yoti aliyense angaitsegule imakhala itawanamiza anthuwo. Mu March 2023, Simon Aarons ndi David Buchanan anaulula vuto limene linatchedwa aCropalypse: chida cha Markup cha pa mafoni a Google Pixel chinkalemba chithunzi chodulidwa pamwamba pa chakale osafufuta mchira wa fayilo, moti mbali yodulidwayo inkatha kubwezedwa. Vuto lofananalo linapezekanso mu Snipping Tool ya Windows 11. Zida zimenezi sizinali za pa webusayiti, koma zinaonetsa kuti chimene chasowa pa sikirini chingakhale chikadali mu fayilo.

EXIF ingasunge malo enieni amene chithunzi chinajambulidwira, mtundu wa foni, ngakhale kachithunzi kakang'ono ka chithunzi chonse chisanadulidwe. Chithunzi chodutsa pa canvas chimatuluka chopanda EXIF, zimene zimateteza wotumiza. Pa seva, ImageMagick imasunga EXIF pokhapokha itauzidwa kuichotsa, pamene sharp imaichotsa pokhapokha itauzidwa kuisunga. Seva yotsegula mafayilo a anthu osadziwika ilinso pa ngozi yakeyake: mu 2016 vuto lotchedwa ImageTragick linkalola munthu kulamula seva pongotumiza fayilo yokonzedwa mwachinyengo ku ImageMagick.

Browser ilinso ndi lamulo lake lachitetezo. Chithunzi chochokera ku webusayiti ina chikajambulidwa pa canvas, browser imakana kuchitulutsa ngati fayilo, pokhapokha seva ya chithunzicho itavomereza kudzera mu CORS. Zimenezi zimachitika kwa amene amasunga zithunzi pa seva ina n'kufuna kuzidulanso, ndipo kusintha laibulale sikuthandiza chifukwa chofunika kukonza chili pa sevayo.

Kudula kochita kompyuta yokha

Malaibulale ena safunsa munthu, amasankha okha pofunika kudula. smartcrop.js ya Jonas Wagner imayang'ana m'mphepete mwa zinthu, malo a mitundu yowala ndi malo ofanana ndi khungu la munthu, n'kusankha bokosi limene lapeza mapointi ambiri. Thumbor ndi Cloudinary zimatha kufufuza nkhope. Njira zimenezi zimathandiza pamene zithunzi zili masauzande ndipo palibe woziyang'ana chimodzi chimodzi.

Mu 2018 Twitter inayamba kudula zithunzi za anthu ndi pulogalamu yolosera pamene maso a munthu amayamba kuyang'ana. Mu September 2020 ogwiritsa ntchito anaonetsa kuti pa chithunzi chokhala ndi nkhope ya mzungu ndi ya munthu wakuda, pulogalamuyo inkakonda kusankha ya mzungu. Mu May 2021 kampaniyo inatulutsa kafukufuku wake wovomereza kuti kukonderako kunalipo, ndipo inayamba kuonetsa zithunzi zambiri za pa foni zosadula. Webusayiti imene ikufuna kugwiritsa ntchito njira yotere imayenera kuiyesa ndi zithunzi za anthu enieni amene adzaigwiritse ntchito, zojambulidwa ndi mafoni awo ndiponso m'kuwala kwa kumene amakhala.

Njira ya pakati ndi yolola munthu kusonyeza malo ofunika pa chithunzi, kompyuta n'kumadula mozungulira malowo pa mulingo uliwonse umene tsamba likufuna. Wagtail ili ndi njira imeneyi mkati mwake, Drupal imaipeza kudzera mu gawo lowonjezera lotchedwa Focal Point, ndipo pa tsamba wamba manambala awiri a malowo angaperekedwe ku lamulo la CSS la object-position.